KAMFUTI KA M'THUMBA: MLONDA KAPENA MLANDU?

Pakati pa anthu a malonda a m'boma la Luangwa, limene akulu-akulu akali kulichula kuti Feira, pali nkhani imene imakambidwa motsitsa mau, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuti sabata ino tiitulutsire pabwalo. Nkhaniyo ndi ya kamfuti kakang'ono kobisa m'thumba, kamene Azungu amakacha revolver. Amene amakalakalaka si anthu oipa ai. Ndi bambo wogula nsomba zouma pa doko ndi kukazigulitsa ku Lusaka kapena ku Migodi, amene amayenda ndi ndalama zomanga m'ciuno. Ndi mwini golosale amene amagona m'kacipinda ka kuseri kwa sitolo yace. Ndi mphunzitsi wopuma pa nchito amene wabwerera kumudzi ndi ndalama za penshoni, mudzi wonse nudziwa. Anthu otere ali naco cifukwa coopera. Mseu wocokera pa boma kufika pa mlatho wa Luangwa ndi wa makilomita pafupifupi 90, ndipo mbali zace zambiri upyola m'thengo. Midzi yambiri iri kutali ndi polisi, cotero munthu akakuwa usiku, oyamba kufika ndi anansi ace, apolisi nadzafika kutaca. Munthu wa mantha otere sindingamuseke. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndifuna kutsina khutu ali yense amene akuwerenga ndalama zace ndi maganizo ogula kamfutika.

Tiyambe ndi kukadziwa. Revolver ndi mfuti yogwira ndi dzanja limodzi, imene pakati pace pali kamgolo kozungulira kokhala ndi zibowo zisanu kapena zisanu ndi cimodzi, cibowo ciri conse cipolopolo cace. Munthu akakoka kacitsulo koombera, kamgoloko kamatembenuka ndi kuika cipolopolo cina kumbuyo kwa mpope. Mtundu umene anthu amaufuna kuti azibisa ndi wa mpope waufupi, wa mainchesi 2, ndiye kuti masentimita 5, kutalika kwace ngati cala cacikulu ca ku dzanja. Kampani ya Colt ya ku America inatulutsa mtundu wotere m'caka ca 1927 ndi kuucha Detective Special, wa zipolopolo 6, ndipo kampani ya Smith & Wesson inatulutsa wace m'caka ca 1950, wochedwa Chiefs Special, wa zipolopolo 5. Maina omwewo atiuza anthu amene anaganiziridwa poupanga: apolisi ofufuza milandu obvala zobvala wamba, ndi akulu a polisi a m'mizinda ikulu-ikulu, anthu ophunzitsidwa kuombera ndi ogwira nchito m'makwalala opanikizana.

Ubwino wace ulipo ndipo sindiubisa. Nkopepuka, kamabisika pansi pa malaya, ndipo sikakakamira kawiri-kawiri monga zimacitira mfuti zina zazing'ono. Cipolopolo cimodzi cikakana kulira, munthu angokokanso kacitsulo kaja ndipo cina cimabwera. Ndico cifukwa cace ogulitsa amakayamikira kwa anthu osazolowera mfuti.

Koma cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlenje ali yense wa m'cigwa muno adziwa kuti mfuti imalasa bwino kamba ka kutalika kwa mpope wace ndi kamba ka tsinde lace lotsamira pa phewa. Kamfuti aka kalibe zonse ziwiri. Pa mpope wa masentimita 5, dzanja likangonjenjemera pang'ono, cipolopolo cimapita kumene mwini wace sanacitume. Kacitsulo koombera nako nkolimba: kuti kakokedwe pafunika mphamvu ya makilogalamu 5 kapena kuyandikira pamenepo, pamene kamfuti konseko kamalemera ngati theka la kilogalamu. Tayesani, inu a bambo, kunyamula kathumba ka ufa ka makilogalamu 5 ndi cala cimodzi popanda kugwedeza dzanja. Tsono muonjezepo mdima, tulo tosatha m'maso, ndi mtima ukugunda ngati ng'oma ya pa maliro. Kakalira kamadumpha m'dzanja, moto wotuluka pakamwa pace umathobwa m'maso, ndipo phokoso lace m'kati mwa nyumba limagonthetsa makutu. Ophunzitsa kuombera amabvomereza okha kuti iyi ndi imodzi mwa mfuti zobvuta kwambiri kulasa nazo, ndi kuti nchito yace ndi ya pafupi, pa mtunda wa mapazi owerengeka. Kuti munthu akazolowere afunika kutaya zipolopolo zambiri pa malo ophunzirira, mobwereza-bwereza, ndipo zipolopolozo zigulidwa ku Lusaka, makilomita oposa 300 kucokera pa boma. Cipolopolo cimene caphonya mbala sicibwerera m'mpope. Mipanda yathu ya udzu, zitseko za matabwa opyapyala ndi malata siziciimitsa, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli gowero la anyamata kapena nyumba ya alamu anu.

Ena amati sakafunira anthu, akafunira zirombo. Bvutolo ndi loona. Njobvu zimatha munda wa caka conse usiku umodzi, mvuu zimagubuduza mabwato, ndipo cipatala ca Katondwe ciwadziwa bwino mabala a ng'ona. Koma pa zirombo izi kamfutika ndi ka cabe. Alenje a cilolezo amaombera njobvu, njati ndi mvuu ndi mfuti zazikulu za pa phewa, za .375 kapena zoposa pamenepo. Kacipolopolo ka .38 ka revolver kangoibvulaza njobvu ndi kuiputa ukali, ndipo amene adzalipira ndi mai wopita kukatunga madzi m'mawa mwace. Ng'ona sipatsa munthu mpata wopisa dzanja m'thumba. Lamulo la nyama za kuthengo la caka ca 2015 limalola munthu kupha nyama poteteza moyo wace kapena wa mnzace, koma limafuna kuti akanene msanga kwa oyang'anira nyama. Wobvulaza cirombo coopsa nayenso ayenera kukanena, ndipo nyama yophedwayo pamodzi ndi minyanga yace si ya amene waipha.

Tisanafike ku lamulo la mfuti, ndiloleni ndipatuke pang'ono, pakuti ndi maboma ocepa m'Zambia amene anakhala ndi mfuti nthawi yaitali ngati lino. Dzina lakuti Feira ndi mau a Cipwitikizi otanthauza msika. Apwitikizi anakhazikika pa Zumbo, tsidya la Luangwa, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, ndipo pambuyo pace anatsegula msika tsidya linonso. Anali kugula golide, minyanga ndi anthu, nalipira ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Pamene David Livingstone anafika pa mathiriro a Luangwa mu Januwale 1856 anapeza mabwinja a nyumba za miyala ndi belu losweka la chalichi. Koma cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 malondawo anadzukanso m'manja mwa akulu a nkhondo otsogolera Acikunda, monga Kanyemba, amene dzina lace la Cipwitikizi linali José do Rosário Andrade, ndi Matakenya, amene anali José de Araújo Lobo. Iwowa anali ndi magulu a anthu a mfuti za gogodela, anamanga malinga, ndipo anasaka njobvu ndi anthu omwe m'zigwa za Zambezi ndi Luangwa. Dzina la Kanyemba lidakalipo mpaka lero pa cipata ca malire a Zimbabwe, tsidya la Zambezi. Sindikumbutsa izi kuti nditonze mtundu uli wonse ai. Anthu a Mfumu Mphuka ndi a Mfumu Yaikulu Mburuma anakwatirana kale-kale ndipo amawedza m'madzi amodzi. Cimene ndifuna tione ndi cakuti masiku amenewo mfumu iri yonse yogula mfuti inkati ikuteteza mudzi wace, ndipo mtengo wa mfutizo unali minyanga ndi ana a mudzi wa mnzace.

Nkhondo za m'masiku athu zinaonjezerapo. Pa 6 Marichi 1978 asilikali a Ian Smith anaoloka Zambezi ndi kuthira nkhondo msasa wa omenyera ufulu wa Zimbabwe a ZIPRA pa Kavalamanja. Anafa asilikali athu ndi anthu wamba, midzi inabalalika, ndipo mwambo wokumbukira tsikulo umacitika caka ndi caka. Mabomba okwirira pansi anatsalira m'thengo ndi m'minda zaka zambiri, kufikira Zambia inalengeza m'caka ca 2009 kuti yatsiriza kuyeretsa malo onse odziwika. Ku Mozambique nkhondo ya Boma ndi Renamo inatha ndi cipangano ca ku Rome ca pa 4 Okutobala 1992, titaona kale acifwamba a Renamo akuoloka malire ndi kupha anthu m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Nkhondo ikatha asilikali amabwerera kwao, koma mfuti sizibwerera kumene zinapangidwa. Zambiri zinakwiriridwa pansi ndi kubisidwa m'mapanga, kotero kuti kuyambira m'caka ca 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anakhala zaka akuzifukula ndi kuziononga pa nchito yochedwa Operation Rachel.

Ndico cifukwa cace m'dera la malire atatu ngati lino sicinthu codabwitsa kuti munthu wina akunong'onezeni kuti ali nako kamfuti kochipa, kopanda mapepala ndi kopanda mafunso. Mukanire pomwepo. Simudziwa kumene kanacokera ndi amene kanamupha. Mpope wa mfuti iri yonse umasiya zizindikiro zace pa cipolopolo, monga cala cimasiyira cidindo cace pa pepala, ndipo akatswiri a polisi akhoza kugwirizanitsa kamfuti kali m'thumba mwanu ndi mtembo wa munthu amene inu simunamuonepo. Ndiponso taganizani za wogulitsayo. Akacoka pakhomo panu adziwa zinthu zitatu: kuti muli ndi ndalama, kuti muli ndi mfuti, ndi kuti mfutiyo ikabedwa simungathe kukanena ku polisi.

Njira ya lamulo ndi imodzi yokha. Lamulo la mfuti, limene linapangidwa m'caka ca 1969 ndipo ndi mutu wa 110 wa malamulo a Zambia, limaletsa munthu kugula, kulandira kapena kusunga mfuti ngakhale cipolopolo popanda laisensi. Wofuna laisensi ayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposa. Ayamba ku polisi, kumene amafufuza mbiri yace ndi kumva cifukwa cimene afunira mfutiyo, ndipo ayenera kusonyeza kuti adziwa kuigwira ndi kuisunga. Munthu wa ucidakwa, wosokonezeka mutu, kapena wopanda cifukwa comveka akhoza kukanizidwa. Akulu a polisi akabvomereza, pamenepo m'pamene amakalipira msonkho wace ku khonsolo ndi kulandira laisensi, imene imatha pakapita zaka 3 ndipo iyenera kukonzedwanso. Laisensiyo ndi ya munthu mmodzi ndi ya mfuti yolembedwa nambala yace m'kaundula wa polisi. Sibwerekedwa. Malume amene apatsa mphwao mfuti kuti ayende nayo ulendo umodzi wa nsomba alakwira lamulo onse awiri, ndipo mphwayo akakasokonezeka mutu ndi kuiloza munthu pofuna ndalama, mlandu wace ndi wa kuba ndi mfuti, umene kufikira m'caka ca 2022 cilango cace cinali imfa ndipo tsopano ndi ndende ya moyo wonse.

Acinyamata athu amaonera pa foni zithunzi za ku America zophunzitsa m'mene munthu angabisire mfuti m'ciuno ndi kuisolola msanga. Akumbukire kuti limenelo ndi dziko lina. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti m'caka ca 2017 ku America kunali mfuti 120 pa anthu wamba 100 ali onse, pamene m'Zambia munali pafupifupi imodzi. Malamulo ao si athu, ndipo woweruza wa ku Lusaka sadzafunsa zimene inanena foni.

Tinene kuti laisensi mwaipeza. Kuyenda nako kamfutiko ndi katundu wina amene ogulitsa samuchula. Munthu wa pa Feira amaoloka kupita ku Zumbo kukagula nsomba, kukaona acibale kapena kukalira maliro, osaganizako kuti walowa m'dziko lina. Koma laisensi ya Zambia imathera pa malire, ndipo wogwidwa ndi mfuti ku Zumbo kapena ku Kanyemba popanda cilolezo ca kumeneko adzayankha m'khoti la kumeneko. Kulowa ndi mfuti m'nkhalango ya Lower Zambezi, imene inakhala malo osungirako nyama otetezedwa m'caka ca 1983, popanda cilolezo ca oyang'anira ndi mlandu wina. Kukhala ndi mfuti utaledzera ndi mlandu winanso, ndipo apa ndifunse mosapsatira: ndi angati mwa ofuna kamfutika amene adzakasiya kunyumba popita ku mowa, pamene ku mowa ndiye kumene munthu amafuna kuti anzace amuope? Kutentha kwa cigwa cino nakonso sikugwirizana ndi kubisa cinthu. Munthu wobvala jekete pa doko mwezi wa Okutobala amadzionetsa yekha, ndipo thukuta limadya citsulo ndi dzimbiri. Bwato likagubuduzika, kamfutiko nkumira, muyenera kukanena ku polisi msanga ndi kufotokoza m'mene kanatayikira.

Ndipo mbiri ikamveka kuti uje ali ndi mfuti, akawalala amakhala ndi cinthu cina cofuna pakhomo pace coposa ndalama. Lamulo limafuna kuti mfuti isungidwe pa malo otetezeka. Apa pali mfundo imene sindinaone munthu akuimasula bwino. Mukaikhomera m'bokosi lacitsulo ndi kubisa makiyi, usiku umene citseko cidzathyoledwa simudzaifikira msanga. Mukaiika pansi pa mtsamiro kuti muifikire msanga, ana anu adzaifikiranso msanga masana inu muli kumunda, ndipo ma revolver ambiri alibe kacitsulo kotsekera kuti isalire. Palibe malo m'nyumba ya m'mudzi amene mwana wa zaka 8 sawadziwa.

Tsono tifike pa mphindi yeniyeni yoombera, pakuti apa m'pamene anthu ambiri amanyengedwa. Laisensi imakulolani kusunga mfuti. Sikupatsani ufulu wakupha. Ndime 17 ya lamulo la milandu la Penal Code imati munthu alibe mlandu pogwiritsa nchito mphamvu pobweza ciwembu pa thupi lace, pa katundu wace kapena pa mnzace, malinga ngati mphamvuyo siipitirira muyeso wofunika pobweza ciwembuco. Mau akuti muyeso ndiwo amene amatsekera anthu m'ndende. Woweruza adzafunsa ngati wophedwayo anali ndi cida, ngati anali kubwera kapena kuthawa, ngati cipolopolo cinalowa kumaso kapena kumsana, ndi kuti munaombera kangati. Wakuba mbuzi amene walasidwa kumsana akuthawa sanali kuopseza moyo wa munthu, ndipo mbuzi siilingana ndi moyo, ngakhale wa mbala. Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lothetsa cilango ca imfa pa 23 Disembala 2022, koma ndende ya moyo wonse idakalipo.

Musaganize kuti zimenezi zimagwera anthu osaphunzira okha. Keith Mukata anali loya ndi phungu wa Chilanga m'Nyumba ya Malamulo, munthu wodziwa lamulo kuposa ife tonse; m'caka ca 2018 Khoti Lalikulu linamupeza ndi mlandu wakupha ndi mfuti mlonda wa pa ofesi yace ku Lusaka m'caka ca 2017. Ku South Africa katswiri wothamanga Oscar Pistorius, munthu wozolowera mfuti, anaombera kanai pa citseko ca cimbudzi usiku mu Febuluwale 2013, ndipo anauza khoti kuti anayesa kuti m'katimo muli mbala. Munali bwenzi lace. Khoti la apilo linagamula m'caka ca 2015 kuti umenewo unali mlandu wakupha, pakuti ngakhale akadakhala mbala, woombera pa citseko cotseka adziwa kuti akhoza kupha ali m'katimo. Tsono taganizani za phokoso la usiku m'mudzi mwathu. Kakhumi konse, amene akugwedeza citseko ndi mwana wocokera kuseri, mnansi woledzera wasokera nyumba, mlendo wocedwa pa njira, kapena mnyamata wozemba kukaceza ndi mtsikana. Munthu wa cibonga akalakwitsa amapepesa m'mawa ndi nkhuku. Wa mfuti amagula bokosi.

Pali cinanso cimene amai a m'nyumba ayenera kucimva, pakuti nkhaniyi si ya abambo okha. Dokotala wa ku America, Arthur Kellermann, ndi anzace anafalitsa m'caka ca 1993 zimene anapeza atafufuza imfa za anthu ophedwera m'nyumba zao: m'nyumba yosungamo mfuti, ngozi yakuti wina aphedwemo inali yaikulu pafupifupi katatu kuposa m'nyumba yopanda mfuti, ndipo kuculukako kunali kwa ophedwa ndi acibale kapena okondana nao. Ku South Africa, kumene lamulo lokhwimitsa laisensi linayamba kugwira nchito m'caka ca 2004, ofufuza a bungwe la Medical Research Council anapeza kuti akazi ophedwa ndi mfuti anacepa kwambiri pakati pa 1999 ndi 2009. Ziwerengero zimenezi ndi za maiko ena, inde, koma mtima wa munthu ndi umodzi. Acifwamba akhoza kubwera kamodzi pa moyo wonse, kapena osabwera konse. Nsanje, kacasu, mkangano wa malire a dimba, kuganizirana ufiti mwana akadwala, ndi kutaya mtima kwa munthu amene nsomba zace zaola ndi ngongole iri pakhosi, izi zimabwera caka ciri conse, ndipo zidzapeza kamfutiko kali pafupi. Mkangano umene ukadathera pabwalo la anyakwawa umathera kumanda. Mai ali yense amene mwamuna wace akamba zogula mfuti ali ndi ufulu wonena maganizo ace, ndipo ngati mwamunayo anamuopsezapo kale, akauze apolisi laisensi isanatuluke.

Maganizo anga ndi awa. Alipo anthu owerengeka amene nchito yao ingawapatse cifukwa comveka, monga wonyamula malipiro a anchito ambiri kapena mlimi wokhala yekha kutali ndi midzi. Wotereyo apite ku polisi masana, agule kwa wogulitsa wolembedwa ndi Boma, alipire maphunziro ndi bokosi lacitsulo asanalipire mfuti, ndipo asakhale womwa mowa. Koma kwa ambiri a ife, ogula nsomba, eni magolosale ndi opuma pa nchito, ndalama zimenezo zigwira nchito yabwino kwina. Cimene acifwamba amatsata ndi ndalama za m'ciuno, ndipo lero ndalama zikhoza kuyenda pa foni munthu nayenda wopanda kanthu. Ndidziwa kuti m'midzi ina foni imagwira pokhapo munthu atakwera pa culu, ndi kuti asodzi ena amafuna ndalama za m'manja. Ngakhale ziri tero, kutapa ndalama pafupi ndi pogulira kuposa kuyenda nazo kucokera ku Lusaka kumacepetsa ngozi koposa zipolopolo 5. Kuyenda masana ndi pagulu, kusalengeza ku mowa tsiku la ulendo, citseko colimba ndi loko wabwino, nyali ya dzuwa pakhonde, agalu awiri odya bwino, ndi pangano la mudzi lakuti likhweru likalira amuna onse atuluke pamodzi, zonsezi sizifuna laisensi ndipo sizinaphepo mwana wa mwini nyumba. Mutu umodzi susenza denga. Anansi athu a ku Mozambique, amene anaidziwa mfuti kuposa ife, anayamba m'caka ca 1995 nchito yotsogoleredwa ndi Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la machalichi, yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba, ndipo anthu anabwera nazo okha.

Patsala nkhani ya mfuti zimene ziri kale m'midzi. Bambo akamwalira, pogawa cuma pamapezeka mfuti ya cifefe, gogodela, kapena kamfuti kokulunga m'nsanza kobisika m'denga. Laisensi ya malemu silowa m'cuma ca masiye. Inatha ndi mwini wace. Mai wamasiye kapena wolowa dzina asaipereke kwa mwana wamkulu monga amaperekera njinga, ndipo asalole munthu kukoka kacitsulo koombera pofuna kuona ngati ikali kugwira nchito, pakuti cipolopolo ca zaka 30 cikhoza kulira. Asakwere nayonso basi kupita ku boma, cifukwa akaimitsidwa pa njira adzakhala munthu wogwidwa ndi mfuti yopanda mapepala. Auze anyakwawa, apite nao ku polisi kukanena, ndipo apolisi anene m'mene mfutiyo ifikire m'manja mwao. Wofuna kuilowa adzapempha laisensi yace-yace mfutiyo iri m'manja mwa Boma. Kwa amene akusunga mfuti imene sinalembedwepo, bungwe la African Union linapatula mwezi wa Sepitembala kuyambira m'caka ca 2017 kuti ukhale mwezi wopereka mfuti zotere, ndi kupempha maboma kuti wopereka yekha asaimbidwe mlandu. Ayambe wafunsa mkulu wa polisi za cikhululukiroco, ali pamodzi ndi anyakwawa ngati mboni. Popereka, apemphe kalata yolembedwa nambala ya mfutiyo, tsiku, ndi dzina la wapolisi amene wailandira, ndipo kalatayo aisunge pamodzi ndi citupa cace.